Musatitonthoze ndi za ku London, kuchedwa kwa chitukuko kuli ndi mwini wake

Pali yankho limodzi limene latchuka pakati pa anthu ophunzira masiku ano, ndipo ine landikwana. Ukangodandaula kuti msewu wakuti watenga zaka zambiri osatha, kapena kuti njanji yakuti mtengo wake ukungokwerabe, pamapezeka wina woyankhula modekha n'kukuuza kuti: "Aise, zimenezi n'zapadziko lonse. Ngakhale ku New York ndi ku London sitima zawo za pansi pa nthaka zimachedwa, mitengo imakweranso." Akatero amaona ngati nkhani yatha, ndipo wodandaulawe umaoneka ngati wosayenda, wosadziwa za kunja. Ndikufuna nditsutse yankho limeneli, chifukwa likuteteza anthu amene sayenera kutetezedwa.

Poyamba ndivomere kuti mawuwo si abodza. Ku New York, njanji ya pansi pa msewu wa Second Avenue anayamba kuikamba m'zaka za m'ma 1920, koma gawo lake loyamba linatsegulidwa pa 1 Januwale 2017. Gawo limenelo ndi masiteshoni atatu atsopano pa mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, ndipo linadya madola pafupifupi 4.5 biliyoni. Ku London, njanji ya Crossrail, imene lero ikutchedwa Elizabeth line, inayenera kutsegulidwa mu Disembala 2018 pa mtengo wa mapaundi 14.8 biliyoni. Inatsegulidwa pa 24 Meyi 2022, ndalama zitayandikira mapaundi 19 biliyoni. Abale athu a ku Joni akuidziwa Gautrain, imene mbali ina imadutsa pansi pa Johannesburg. Panali nthawi imene ankati idzadya marandi 7 biliyoni, koma pomaliza inafika cha m'ma 25 biliyoni.

Choncho n'zoona, kunjako zimachedwa. Koma amene amatiuza zimenezi amangotenga theka la nkhani, theka lotsalalo amalisiya dala kapena sanaliwerenge.

Chimene amasiya choyamba ndi chifukwa chake mitengo imakwera. M'chaka cha 2002, katswiri wa ku Denmark Bent Flyvbjerg ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ntchito 258 za misewu, milatho ndi njanji m'mayiko 20. Anapeza kuti pa ntchito 10 zilizonse, pafupifupi 9 zinadya ndalama zoposa zimene zinanenedwa poyamba. Ntchito za njanji zinkapitirira ndi 45 peresenti tikaphatikiza zonse n'kugawa, za misewu ndi 20 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka 70 zimene anaziunika, kuwerengera mitengoku sikunasinthe n'komwe. Tsono taganizani. Munthu wolakwitsa masamu moona mtima, nthawi zina amachulutsa, nthawi zina amachepetsa, ndipo akalakwitsa kangapo amaphunzira. Koma ngati nthawi zonse akulakwitsira mbali imodzi, mbali yomukomera iyeyo, kwa zaka 70, pamenepo sipalinso kulakwitsa. Ofufuzawo ananena poyera kuti chofotokoza bwino zimenezi ndi bodza: mtengo amauchepetsa dala kuti ntchito ivomerezedwe, podziwa kuti dzenje likangokumbidwa palibe angayerekeze kunena kuti likwiriridwe.

Ndiye munthu akandiuza kuti "kulikonse zimachitika", chimene akundiuza kwenikweni n'chakuti kulikonse andale ndi makontirakitala amanamiza anthu olipira msonkho. Ine sindikuona chonditonthoza pamenepo.

Chimene amasiya chachiwiri ndi zimene zimachitika kuchedwa kukadziwika. Ku London, zitaululika kuti Crossrail siitha pa nthawi yake, wapampando wa kampani yoyendetsa ntchitoyo, Terry Morgan, anatula pansi udindo mu Disembala 2018. Ofesi yaikulu yofufuza ndalama za boma ya ku Britain inatulutsa lipoti mu 2019 lofotokoza pamene zinalakwika, ndipo aphungu anaitanitsa akuluakulu n'kuwafunsa pagulu. Mtengo wakale ndi mtengo watsopano zonse zinali poyera, mwana wasukulu aliyense akanatha kuziwerenga. Ndipo pamapeto pake sitima ikuyenda. Amene akufuna kutifanizira ndi London atifanizire mpaka pamenepa. Atiuze dzina la nduna kapena mlembi wamkulu mmodzi kwathu kuno amene anatula pansi udindo chifukwa msewu wachedwa.

Kwathu ndi ku Nzama, kumapiri a kumadzulo kwa boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Mozambique. Ambiri amakudziwa chifukwa cha mishoni imene ansembe a Montfort anaikhazikitsa mu 1901. Ife sitikulota sitima za pansi pa nthaka. Chimene dera lonse la kumtundaku lakhala likudikira ndi msewu wa Ntcheu–Tsangano–Neno–Mwanza, wodutsa m'mapiri a Kirk Range, kumene kumachokera mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba ndi tirigu. Msewu umenewu maboma angapo aulonjeza, misonkhano yachitika, nyimbo zaimbidwa, mbali ina ya ntchitoyo inafika poperekedwa kwa asilikali a Malawi Defence Force. Komabe munthu sangachoke pa Tsangano Turn-off n'kukafika ku Mwanza pa phula lokhalokha. Ana amene anabadwa malonjezo akuyamba, lero ali ndi ana awo. Palibe phiri limene tikuliboola pano, palibe nyumba zosanja zimene tikuopa kuti zingagwe tikamakumba pansi pake. Ndi msewu wamba. Ngati a ku New York angadzikhululukire kuti pansi pa mzinda wawo padzaza mapaipi, mawaya ndi njanji zakale, ife tidzikhululukira ndi chiyani?

Wina anena kuti vuto ndi la Ntcheu yekha. Tiyeni titsikire ku Nsanje, kumene kuli nkhani ya njanji yeniyeni. Njanji yochokera ku Beira kulowera ku Marka inasiya kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, ndipo mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo. Boma litaganiza zokonzanso makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula, mu 2021 linafuna kupereka ntchitoyo kwa Mota-Engil pa mtengo wa pafupifupi K48 biliyoni. Bungwe la Anti-Corruption Bureau linaimitsa zimenezo chifukwa cha m'mene tenda inayendera. Ataitanitsanso makampani, ntchitoyo inapita kwa China Railway 20 Bureau Group mu 2022 pa mtengo wa pafupifupi K68 biliyoni. Werengani bwino: K20 biliyoni inaonjezekera chitsulo ngakhale chimodzi chisanayalidwe. Sindikudzudzula ACB pochita ntchito yake. Ndikufunsa za amene anayendetsa tenda yoyambayo mwa njira yoti mpaka iimitsidwe. Kodi analipirapo chiyani? Mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafika pa Marka, anthu anavina, ndipo kunali koyenera kuvina. Koma inafika kumeneko chifukwa a ku Mozambique anali atamaliza mbali yawo mpaka pa malire. Mbali yathu yopita ku Bangula inali isanathe.

Ku Nsanje komweko kuli chikumbutso china chimene wophunzira aliyense wa mbiri ayenera kukachiona. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Bwato lonyamula feteleza limene linayenera kufika pa mwambowo linagwidwa ku Mozambique, boma la kumeneko likunena kuti pasanachitike kafukufuku wokwanira wa mitsinje ya Zambezi ndi Shire, mabwato sangadutse. Tinamanga doko tisanagwirizane ndi eni madzi amene mabwato akanadutsamo. Simenti ilipobe, mabwato kulibe. Ndipo kwa ife ophunzira, nkhani yoyandikira kwambiri ndi ya yunivesite ya Mombera ku Mzimba. Mwala wa maziko unaikidwa ndi Pulezidenti Peter Mutharika mu 2015. Boma linasintha, dzina linasinthidwa kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, koma anzathu amene anali mu Fomu 1 mwalawo ukuikidwa anamaliza sekondale, ena mpaka digiri kwina, osalowamo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi.

Ndatchula maboma osiyanasiyana dala. Amene akufuna kutenga nkhaniyi ngati chikwapu chokwapulira chipani chimene amadana nacho, andimvetse: matendawa avala buluu, avala lalanje, avala chikasu, avala chofiira ndi chobiriwira. Si matenda a chipani. Ndi ndondomeko imene imapindulitsa aliyense wokhala pampando.

Imayenda motere. Mwala wa maziko ndi wotchipa ndipo umabweretsa mavoti msanga. Msewu womalizidwa ndi wodula ndipo nthawi zambiri amadzautsegula ndi wina. Choncho wandale wochenjera amakonda kuyamba ntchito khumi ndi ndalama zokwanira ntchito zitatu. Ntchitoyo imayamba mapulani asanathe kujambulidwa, anthu oyenera kusamutsidwa asanalandire chipukuta misozi, mapolo a magetsi ndi mapaipi a madzi asanachotsedwe. Tinaziona ku Lilongwe pa ntchito yokuza msewu wa Kenyatta ndi Mzimba Street imene inayamba mu 2021, pamene kusuntha mapaipi ndi mawaya kunatchulidwa ngati chimodzi mwa zochedwetsa. Kodi mapaipiwo anamera usiku ngati bowa? Analipo kale tsiku loika siginecha pa kontirakiti.

Kenako kontirakitala amagwira gawo loyamba n'kupereka chikalata chofuna malipiro. Ku Treasury kulibe ndalama, chifukwa bajeti inagawidwa pang'onopang'ono ku ntchito zambirimbiri. Kontirakitala amaimika makina. Koma makina oima sakhala aulere. Makontirakiti a zomangamanga amalola kontirakitala kulipiritsa chiwongoladzanja pa ndalama zochedwa, ndiponso kufuna malipiro a nthawi imene anakhala osagwira ntchito chifukwa cha mwini ntchitoyo. Ndiye timalipira anthu chifukwa chokhala pansi. Uku akudikira, dzinja limafika, dothi limene anatsira ndi kupsinja limakokoloka, ngalande zimakwiririka, ndipo chaka chamawa timalipiranso ntchito yomweyo kachiwiri. Aliyense wa kumudzi akudziwa zimene zimachitika ukaimika khoma la zidina n'kulisiya lopanda denga mwezi wa Januwale.

Pamwamba pa zonsezi pamabwera kugwa kwa kwacha. Phula, zitsulo, mafuta ndi zipangizo za makina zonse timagula kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa madola 1 miliyoni amene dzulo lake anali K1.18 biliyoni, m'mawa mwake anali K1.7 biliyoni. Akuluakulu amakonda kutchula zimenezi ngati chifukwa chimene mitengo yakwerera, ndipo masamu ake ndi oona. Koma funso ndi ili: ntchito imene inayenera kutha 2022 isanafike, inkatani pamsewu mu Novembala 2023? Kugwa kwa kwacha kunaipeza chifukwa inali itachedwa kale. Munthu amene wagona panja sangaimbe mlandu mame.

Chimodzimodzinso anamondwe. Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaononga zinthu zambiri ndipo anapha anthu athu, palibe angapeputse zimenezo. Kumene madzi anakokolola mlatho, kuchedwa n'komveka. Koma mvula imagwa chaka chilichonse m'Malawi, ndipo Chigwa cha Shire chimasefukira kuyambira makolo athu asanabadwe. Injiniya amene akulemba nthawi ya ntchito ngati kuti dzinja kulibe, kapena nduna imene ikulengeza tsiku lomaliza popanda kuwerengera dzinjalo, sakupusitsidwa ndi nyengo. Akupusitsa ife.

Umboni woti sizochita kulephereka uli pafupi ndi kwathu komwe. Kampani ya Vale ya ku Brazil itafuna kutulutsa malasha ku Moatize kupita ku doko la Nacala, inamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 m'dziko lathu lino, kudutsa ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka. Ntchito inayamba mu 2012, ndipo pofika 2016 sitima za malasha zinali zikudutsa. Nthaka ndi yomweyi, mapiri ndi omwewa, mvula ndi yomweyi, ndipo manja ambiri amene anagwira ntchitoyo anali a Amalawi. Sindikunena kuti Vale ndi mngelo, kapena kuti njanjiyo anamangira ife. Ndikunena kuti inatha chifukwa mwini wake ankaluza ndalama tsiku lililonse limene malasha anakhala osayenda. Kuchedwa kunali ndi womupweteka amene anali ndi mphamvu yokuthetsa. M'boma la Neno lomwelo mmene sitima ya malasha imadutsa, msewu wa anthu ukudikirabe, chifukwa amene kuchedwa kwake kukuwapweteka alibe mphamvu, ndipo amene ali ndi mphamvu sikukuwapweteka.

Nanga kukupweteka ndani? Amalume anga amalima kachewere. Msewu ukaterera, magalimoto ofika kumunda amachepa, ndipo venda amene walimba mtima kufika ndiye amatchula mtengo, chifukwa akudziwa kuti mbatata siingadikire mpaka dzuwa liwale. Kusiyana kwa mtengo wa kumunda ndi mtengo wa pa Lizulu kapena ku Blantyre ndi msonkho umene mlimi amalipira chifukwa cha msewu wosatha, ndipo msonkho umenewu sulembedwa mu lipoti lililonse la boma. Kukupweteka mayi woyembekezera amene ambulansi yatitimira naye m'matope. Kukupweteka mwana wasukulu amene aphunzitsi ake apempha kusamutsidwa. Kukupwetekanso iwe ndi ine, chifukwa biliyoni iliyonse yopita ku chiwongoladzanja cha kontirakitala ndi biliyoni imene kulibe pa ngongole za ophunzira, pa mankhwala, kapena pa kulemba ntchito aphunzitsi ndi anamwino amene anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo. Ndipo musaiwale kuti anthu a ku Ntcheu tili pakati pa zipata ziwiri zolipiritsa magalimoto: cha Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021, ndi cha Kalinyeke ku Dedza. Mu lita iliyonse ya mafuta mulinso ndalama ya misewu. Tikulipira, ndipo wolipira ali ndi ufulu wofunsa.

Ena amati tidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndi wabwino kwa mwana wophunzira kuluka dengu, koma si woyenera kutuluka m'kamwa mwa munthu amene walandira ndalama za ntchito n'kulephera kuimaliza. Mwambi woyenera iwowo ndi wina uja: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ena amati dziko losauka liyenera kuyamba ndi zochepa zimene lili nazo, zina zidzapezeka m'njira. Ine ndikuti wosauka ndiye sayenera n'komwe kutero. London ikhoza kutaya mapaundi 4 biliyoni n'kukhalabe London. Ife tikataya K20 biliyoni ndiye kuti kwinakwake chipatala chagona chopanda mankhwala.

Zimene ndikufuna si zachilendo. Mwala wa maziko usaikidwe mapulani asanathe, chipukuta misozi chisanaperekedwe, ndiponso ndalama zonse za ntchitoyo zisanadziwike kumene zichokere. Nyumba ya Malamulo ikane ntchito zatsopano mu bajeti ya chitukuko kufikira zakale zimene zaima zitamalizidwa kapena zitalengezedwa poyera kuti zathetsedwa. Pa chikwangwani cha ntchito iliyonse palembedwe, m'chiyankhulo cha anthu a m'deralo, mtengo woyamba, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndipo nthawi iliyonse imene izi zasintha, zakale zisafufutidwe, zatsopano zilembedwe pansi pake. Kontirakitala wochedwa mwa iye yekha alipire chindapusa chimene chili mu kontirakiti, ndipo a PPDA amuletse kupikisana nawo pa ntchito zina. Ngati wochedwetsa ndi boma, dzina la mkulu woyang'anira ndalama za undunawo litchulidwe pamaso pa komiti ya Public Accounts, ndipo chiwongoladzanja chimene talipira chilengezedwe.

Ndikudziwa kuti palibe wandale adzachite izi mwa kufuna kwake, popeza ndondomeko ilipoyi ikumudyetsa. Apa ndi pamene pali ntchito yathu, makamaka ife a maphunziro a mbiri, ziyankhulo ndi filosofi amene timanyozedwa kuti sitingamange ngakhale kalavati. N'zoona, sitingamange. Koma chimene chimasunga bodza la chitukuko ndi kuiwala, ndipo kusunga chikumbumtima cha dziko ndi ntchito imene tikuphunzira. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo limapatsa Mmalawi aliyense ufulu wopempha zikalata ku mabungwe a boma. Lembera a Roads Authority, a unduna wa zamtengatenga kapena a khonsolo ya kwanu, upemphe mtengo woyamba wa ntchito ya m'dera lanu, masiku ake, ndi ndalama zimene zalipidwa kale. Akayankha, falitsa. Akakana, falitsa kukanako. Amene mukusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, pitani ku National Archives ku Zomba ndi m'nyuzipepala zakale, mulembe mbiri ya msewu umodzi wokha: analonjeza ndani, chaka chanji, pa ndalama zingati, ndipo lero uli pati. Wofuna mavoti akadzabwera ndi lonjezo lomwelo, adzapeze mndandandawo ukumudikira m'manja mwa mphunzitsi, m'busa ndi nyakwawa.

Ndipo wina akadzakuuzaninso kuti ngakhale ku London zimachedwa, musakangane naye. Muvomereni, kenako mumufunse mafunso atatu: mtengo woyamba unali wotani, amene anayankha mlandu wa kuchedwako ndi ndani, ndipo sitimayo ikuyenda kapena ayi. Akayankha za London, mumufunse mafunso omwewo za msewu wa ku Tsangano.